Ruud wachoka ku Leicester: vuto linali iyeyo, kapena akutibisira ena?

Wometa wa pa Kapata

Abale a mpira, nkhani ija yatuluka. Lachisanu pa 27 Juni 2025 Leicester City inalengeza kuti yasiyana ndi kochi wake Ruud van Nistelrooy. Timu inagwa mu Premier League pa 20 Epulo, ligi inatha pa 25 Meyi, koma mabwana anangoti duu mwezi wathunthu osanena ngati munthuyo atsala kapena apita. Akudzayankhula lero anzawo ali kale pa msika kufuna osewera.

Ine ndimameta pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia, ndipo kuseri kwa babashopu ndili ndi kachipinda ka mabenchi momwe ndimaonetsa mpira. Ndine wa Leicester, koma osati wa 2016 ayi, chaka chimene anatenga ligicho ndinkangodabwa nawo ngati wina aliyense. Ndinalowa mu 2021 atagula Patson Daka ku Red Bull Salzburg. Mwanayo ngwa ku Kafue, koma dzina la Daka musandiuze, n'lakuno kum'mawa. Mu Okutobala chaka chimenecho anachinya Manchester United tsiku lija la 4-2, sabata isanathe n'kukathira zinayi yekha ku Moscow pa Spartak. Kuyambira pamenepo jezi ya buluu ya pa salaula sichoka pa msomali pambali pa galasi.

Loweruka m'shopu munalibe nkhani ina. Ife a Leicester kuno ndife ochepa, tonse timakwana pa benchi imodzi, ndipo anzangawo akusangalala. Wa njinga yamoto anafika akuimba hutala kuchokera kumsewu, ati mfiti yachoka m'mudzi. Wina wogulitsa machaja anati achedwa naye, akanamuthamangitsa mu Januwale. Ine ndinali ndi mutu wa munthu m'manja ndiye sindinayankhe zambiri, koma chimwemwe chimenechi sichikundilowa, n'chifukwa chake ndabwera nazo kuno.

Sindikumuikira kumbuyo Ruud. Manambala ake ngochititsa manyazi. Masewero 25 a ligi, anapambana anayi okha, mapointi 15. Awiri mwa anayiwo anali a mu Meyi, pa Southampton ndi Ipswich, matimu amene anali atagwa kale ngati ifeyo. Zoopsa kwenikweni zinali pakhomo. Masewero 9 a ligi otsatizana pa bwalo lathu la King Power, kuluza onse, osagoletsa ngakhale chimodzi. Wolves, Man City, Palace, Fulham, Arsenal, Brentford, Man United, Newcastle, Liverpool, aliyense ankangobwera kudzatola mapointi atatu n'kubwerera kwawo jezi ya goloboyi ili yoyera. Kuyambira Disembala mpaka Epulo. Kochi wake n'kukhala munthu amene moyo wake wonse ntchito inali kugoletsa.

Tsiku la Newcastle ndi limene linandipweteka m'thumba momwe. Linali Lolemba, 21 hours, malaiti atapita. TV ndinkayendetsa ndi batire ya sola imene ndinaisunga tsiku lonse, mpaka kubweza makasitomala madzulo kuti moto usathe. Anthu analipira K5 yawo pakhomo. Asanakhale n'komwe, Jacob Murphy wathira. Pofika mphindi 15 zinali ziwiri, hafu isanathe Harvey Barnes, mwana wathu amene tinamugulitsa tokha, wathira chachitatu. Pa hafu taimu m'chipinda munatsala ine ndi agogo ena amene amabwera kudzawodzera pa benchi yakumbuyo. Chabwino chimene ndinaona usiku umenewo ndi kamnyamata ka zaka 15, Jeremy Monga. Kanalowa chakumapeto katavala jezi yopanda kalikonse pachifuwa, poti kampani yolembedwa pa jezi ya timu ndi yobetcha ndipo iko sikanafike msinkhu. Ndiko kankaoneka kuti kakuufuna mpira, akuluakulu a malipiro onona aja akungoyenda.

Koma tsono tifunsane bwino. Anamulemba ntchito ndani, ndipo anaona chiyani? Steve Cooper anachotsedwa pa 24 Novembala atangotsogolera masewero 12 a ligi, timu ili pa nambala 16, pamwamba pa mzere wogwera. Mpira wake sunali wokoma, zoona, koma tinali tisanamire. M'malo mwake anatenga Ruud, amene anali atangogwirizira mpando ku Man United masewero anayi Ten Hag atachotsedwa. Pa anayiwo awiri anali okwapula Leicester yomweyi, 5-2 mu Carabao Cup ndi 3-0 mu ligi. Mabwana ataona munthu wawamenya kawiri anangoti basi, katswiri ndi ameneyu. Sanadzifunse kuti mwina watimenya chifukwa ife ndife ofooka.

Nanga anamupatsa chiyani? Kiernan Dewsbury-Hall, amene ananyamula timu mu Championship, ligi yachiwiri ya ku England, anali atamugulitsa kale ku Chelsea kutsatira kochi Maresca. Abdul Fatawu anavulala bondo mu Novembala, sizoni yonse kunja. Mu Januwale timu ikumira anagula munthu mmodzi yekha, Woyo Coulibaly wa ku Parma, wakumbuyo. Makina akabuntha musinthe ometa ngakhale khumi, kasitomala azitulukabe ndi zigamba m'mutu. Werengani nokha kuyambira Epulo 2023: Rodgers, Dean Smith, Maresca, Cooper, Ruud. Makochi asanu, kugwa kawiri. Koma Jon Rudkin, mkulu woona za mpira ku kilabuyi, pofika Juni 2025 anali akadali pampando womwewo.

Ndiye ndithandizeni. Kuchoka kwa Ruud kusintha kanthu, kapena angotiponyera munthu woti tizimutukwana kuti enawo apume? Chinanso n'cha mwana wathu. Kontrakiti ya Daka ikutha 2026. Atsale asewere Championship, kapena afune kwina?

Red Devil wa ku Katete

Achimwene pepani ndi maliro, koma musamuipitsire dzina Ruud wathu. Ife a Man United anatipatsa masewero anayi, atatu kupambana, amodzi 1-1 ndi Chelsea. Ku PSV mu 2023 anatenga chikho cha dziko la Netherlands timu n'kumaliza yachiwiri mu ligi. Mbuli ya mpira sichita zimenezo.

Onani tebulo lonse, osati timu yanu yokha. Atatu amene anakwera onse abwerera: Leicester mapointi 25, Ipswich 22, Southampton 12. Sizoni inayo chimodzimodzi, Luton, Burnley ndi Sheffield United. Southampton inachotsa Russell Martin mu Disembala, inagwa. Ipswich inasunga Kieran McKenna mpaka kumapeto, inagwanso. Musinthe kochi, musasinthe, dzenje ndi lomwelo, chifukwa ndalama za matimu okhazikika mu Premier League zatalikirana kwambiri ndi za ongokwera kumene. Tottenham inamaliza pa 17 ndi mapointi 38, inu 25. Ndani akanatseka mpata wa 13 ndi anthu akumbuyo amene amwetsedwa zigoli 80?

Komanso kugwa ndi timu sikutanthauza kuti munthu sadziwa ntchito. Mwamuiwala Hervé Renard? Atatipatsa chikho cha AFCON ife a Zambia ku Libreville mu 2012 anadzapita ku Sochaux ku France, Mayuka, Sunzu ndi Sinkala anali naye komweko, timu inagwa mu 2014. Chaka chotsatira munthu yemweyo ananyamula AFCON ina ndi Ivory Coast.

Ndipo kuthamangitsa makochi inu a Leicester n'kwakale. Ranieri anakupatsani ligi mu 2016, pofika Febuluwale 2017 mwamuonetsa msewu. Cooper munamulirira kuti achoke, anachoka. Walira mvula walira matope.

Za ife musandifunse, ndikudziwa kuti tamaliza pa 15.

Aphunzitsi Opuma a ku Chadiza

Ana anga, ndiloleni ndiikepo mawu. Ndaphunzitsa mpira wa ana asukulu nthawi yaitali, wa osavala nsapato, pa bwalo la fumbi magoli ali a mitengo ya bulugama. Sindikudziyerekeza ndi a ku England. Koma timu ikasiya kukhulupirira kuti ingagoletse, woidzutsa ndi kochi. Mwini timu salowa m'chipinda chovalira pa hafu taimu.

Mwana wanga wa ku Katete, wasankha zitsanzo zokukomera. Bwanji sunatchule Wolves? Pa 22 Disembala anabwera ku King Power ali ndi mapointi 9, Leicester ili ndi 14. Vitor Pereira anali atangofika kumene m'malo mwa Gary O'Neil. Anapambana 3-0 tsiku limenelo, ndipo pakutha pa ligi anali ndi 42. Everton inaitana David Moyes mu Januwale ikununkhiza mzere, inamaliza pa 13. Amenewanso anali m'madzi omwewo, anasintha kochi, anawoloka.

Za Renard wanena zoona koma wasiya mbali ina. Anaipeza Sochaux ili pansi, n'kuikoka mpaka tsiku lomaliza la ligi ikadali ndi mwayi wopulumuka, ndiye inaluza kwa Evian. Anagwa thukuta lili kamukamu. Ruud wagwa kutatsala masewero asanu. Si kugwa kofanana kumeneko.

Ine ndinkamuona bwino. Anayesa anayi kumbuyo, anadzayesa asanu, koma njira yofikitsira mpira kutsogolo sinapezeke. Wogoletsa wawo Jamie Vardy wa zaka 38 ndiye ankathamangitsa anthu yekha, akatembenuka anzake ali kutali. Timu ikamwa chigoli choyamba mitu yonse pansi, ndipo sabata yamawa zomwezo. Masewero awiri atatu tingati tsoka. Koma 9 pakhomo opanda chigoli, ndiye kuti zimene amaphunzitsa pakati pa sabata sizifika pa bwalo.

Wometa, mabwana ako ngolakwa, sindikukana. Koma kulakwa kwa womulemba sikumuyeretsa wolembedwayo. Anavomera ntchito akuiona timu, anasaina mpaka 2027, anadya malipiro. Achoke ndithu, ndipo enawo amutsatire. Akanandifunsa ine, ndikanati atenge Sean Dyche, amene mu Juni 2025 anali pakhomo chichokereni ku Everton, ndipo Burnley anaikweza kawiri, 2014 ndi 2016. Mpira wake suzikoma pa TV yako koma Championship amaidziwa.

Za Daka, ine ndimamuyang'ana ndi maso a Chipolopolo. Mnyamata uja mpira wake ndi wothamangira kumbuyo kwa otchinga, amafuna womuponyera msanga. Ku Salzburg sizoni yomaliza anagoletsa 27 mu ligi chifukwa timu yonse inkasewera choncho. Ku Leicester wakhala akudikira kuti Vardy atope, kulowa mphindi 15, nthawi zina kuikidwa m'mbali. Mu Disembala 2025 tili ndi AFCON ku Morocco, gulu limodzi ndi eni nyumba, Mali ndi Comoros. Tikufuna afike kumeneko ali ndi mpira m'miyendo. Kaya ndi Championship, kaya ndi dziko lina, apite kumene azisewera mphindi 90 sabata iliyonse.

Chimbuya wa ku Kasama

Inu akum'mawa musavutitse kochi wa eni. Mwana wanu mumutumizire mbewa zouma pa ndege, chimene chikusowa ndi ndiwo zakwawo.

NaBanda wa ku Leicester

Moni nonse kumudzi. Kwathu ndi ku Petauke koma ndimagwira ntchito yosamalira odwala kuno ku Leicester, ndipo basi imene ndimakwera imadutsa kufupi ndi bwalo. Mpira sindiudziwa ngati inu, ndingokuuzani zimene ndikuona ndi kumva.

Kuno palibe amene akuimba hutala. Anzanga a kuntchito amene ali ndi matikiti a sizoni yonse atamva anangogwedeza mutu, mmodzi n'kunena kuti nkhani yoyenera kutuluka mu Epulo yatuluka mu Juni. Ruud samuda kwenikweni, amangoti ntchito inamukulira. Mkwiyo wawo uli pamwamba. Miyezi yonseyi nyimbo za m'bwalo zinali zoti Rudkin achoke, ndipo tsiku la Liverpool, limene timu inagwa, kandege kanazungulira pamwamba pa bwalo kakukoka chinsalu chouza eni timu kuti achotse akuluakulu oyendetsa kilabu.

Chimene simungachione pa TV n'chakuti anthu akuno zimawavuta kutukwana banja la eni timu. Vichai, amene anabweretsa ligi ya 2016, anafera panja pa bwalo lomwelo pa ngozi ya helikopita mu Okutobala 2018. Chiboliboli chake chili pomwepo, ndipo ndimaona anthu akuima kaye asanalowe. Anathandizanso zipatala ndi mabungwe achifundo a mumzinda muno. Tsopano timu ili m'manja mwa mwana wake, amene amamutchula kuti Top. Ndiye munthu amakwiya, koma akafika pa dzina limenelo mawu amatsika. Mkwiyo wonse umathera pa Rudkin ndi kochi amene alipo.

Mantha awo enieni ndi a ndalama. Mu 2025 lamulo la Premier League linkalola timu kuluza mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, osapitirira, ndipo malire ankatsikanso ngati chaka china inali mu Championship. Leicester yakhala ikukokana ndi ligi pa nkhani imeneyi kuyambira 2024, ndipo mu Meyi mlandu wina unatumizidwa ku komiti yoweruza. Anthu akuopa kuti adzawadula mapointi. Mayi wina amene ndimagwira naye usiku amandiwerengera osewera amene anachoka kwaulere makontrakiti atatha: Tielemans, amene anagoletsa chigoli cha FA Cup mu 2021, Söyüncü, Iheanacho. Akuti unagula munthu ndi ndalama zambiri, wamulipira zaka, n'kumusiya apite osalandirapo kanthu, ndiye mu Januwale ugula ndi chiyani? Pamenepa achimwene ometa mukugwirizana nawo.

Amene anthu amulira ndi Vardy. Pa 18 Meyi anasewera komaliza, masewero ake a 500, n'kugoletsa chigoli chake cha 200 pa Ipswich. Munthu amene anamugula paundi 1 miliyoni ku Fleetwood mu 2012. Tsiku limenelo m'basi munali amuna akuluakulu maso ali ofiira, timu itagwa kale.

Za Daka ndinene mosabisa, musandikwiyire. Akamva kuti ndine wa ku Zambia amayamba ndi za Moscow, amati ndi mnyamata waulemu, wolimbikira, sasiya kuthamanga. Kenako amatsitsa mawu n'kunena kuti zigoli zachepa pa ndalama zimene anamugulira. Ena akuti poti Vardy wapita, uno ndi mwayi wake. Ena atopa kudikira.

Wometa wa pa Kapata

Chimbuya, mbewa tituma, koma inu mudye kaye anyani anu mwakachetechete, akulu akuyankhula.

Aphunzitsi, ndamva, ndipo za Renard mwamukhazika bwino wa ku Katete. Koma pa Wolves ndikanapo pang'ono, atate. Pereira anapeza Matheus Cunha m'nyumba, munthu wa zigoli 15 amene Man United yangomugula kumene mapaundi oposa 60 miliyoni. Ruud anapeza ndani wotero? Bilal El Khannouss ngwabwino, ndi amene anatipatsa 2-1 ija ku Tottenham mu Januwale pamodzi ndi Vardy, koma ndi mwana. Oliver Skipp anamugula ndalama zambiri ku Tottenham, theka la sizoni ali pa benchi. Odsonne Edouard anabwera pa ngongole kuchokera ku Palace, ine mpaka ndinaiwala nkhope yake. Amene anasankha anthu amenewa akadali mu ofesi, ndipo ndi yemweyo akasankhe kochi watsopano. Apa ndi pamene ine ndikukanira kuvina nawo.

Alongo a ku Petauke, zikomo, za Top zija zandimasulira chifukwa chake phokoso limathera panjira. Za Daka zawawa koma sindikutsutsani. Ndingokumbutsa kuti tsiku loyamba la Ruud, 3-1 pa West Ham, chachitatu anathira ndi iyeyo, atangochira kumene kuvulala. Pambuyo pake sanapatsidwe mpata wosewera motsatizana mpaka atazolowera. Ine ndikuti atsale chaka chimodzichi. Championship ndi masewero 46, Loweruka ndi pakati pa sabata, palibe kochi amene angamusunge pa benchi Vardy kulibe.

Vuto langa tsopano ndi la bizinesi. Anyamata a pa Kapata salipira K5 kuti aonere Leicester ndi Preston. Akufuna Arsenal, Liverpool, Chelsea, ngakhale United yomvetsa chisoniyo imadzazabe mabenchi chifukwa theka amabwera kudzaiseka. Ndiye Loweruka TV yaikulu izikhala ya Premier League, ine ndizitsatira yanga pa foni uku ndikumeta. Amene muzibwera nthawi imeneyo mukhale osagwedezeka pampando.

Red Devil wa ku Katete

Cunha tamutenga, inde, ndipo mumuona bwino pa TV yanu yomweyo. Mu Ogasiti ndikubwera ku Chipata kudzagula masipeya a chigayo ku Down Shops, ndidzakupezani. Koma mudzandimete m'mawa, Leicester isanayambe kusewera.